Rauta Imene Lyness Anatulutsa M'chikwama

Panali mayi wina ku Kabwe, dzina lake Lyness. Amene anandiuza nkhaniyi ankapemphera naye mpingo umodzi ku Bwacha, ndipo ine ndikaikumbukira mtima umandiwira.

Mwamuna wake anamwalira mgodi wa m'tauniyo utangotsekedwa, n'kumusiyira ana atatu. Chomwe chinkawadyetsa anawo ndi ntchito yake yosunga katundu pa kampani ina ya boma yogawa feteleza. Zaka zimenezo boma linkagulitsa makampani ngati tomato wamadzulo. Yawo nayonso inali itagulidwa, ndipo eni atsopano anali atanena kale kuti achepetsa antchito.

Pakampani pomwepo pankagwira ntchito Jabez, mng'ono wa malemu mwamuna wake. Lyness ndiye anamuchonderera malowo. Ntchito yake inali kukonza mapulinta ndi kukoka mawaya, koma mtima unali pa mayeso a zolumikiza makompyuta. Buku anali nalo. Chomwe ankasowa ndi makina oyesererapo.

Mosungira katundu munali rauta yapadera. Rauta ndi bokosi lachitsulo lomwe linkalumikiza makompyuta a ku Kabwe ndi likulu ku Lusaka. Zinalipo ziwiri: ina inkagwira ntchito, inayo inkadikira tsiku latsoka. Katswiri amene anaziika anali atalowetsamo malangizo onse, kuti yoyamba ikafa angolumikiza yachiwiri n'kuyatsa. Katswiriyo anali atabwerera kwawo kalekale.

"Mulamu, nibwelekeniko chabe pa weekend," anatero Jabez. "Nikapasa exam sibazanichosa nchito. Tikachoka tonse babili, bana bazadya chani?"

Lyness anakauza Kangwa, kalaliki mnzake.

"Ba Lyness, osayesa," anatero Kangwa. "Chija chintu sichosebelesa. Akachiononga, mulandu ni wanu."

"Ni mufana wa ba late bamuna banga, ba Kangwa. Ninamulela neka. Anganichite bwanji choipa?"

Pageti alonda ankasecha amuna okha, zikwama za amayi sankazigwira. Choncho Lyness anainyamula yekha. Anaiika m'chikwama chake chachikulu chakumsika, n'kuphimba ndi chitenje. Mlonda anaona kuti mayiyu akuyenda chopendekeka, koma anamusiya adutse.

Jabez anakaitchera patebulo kunyumba kwake ku komboni ya Railways. Phunziro loyamba m'buku lake linkati munthu ayambe wafufuta zonse zomwe zili m'makina. Musaganize kuti sankadziwa chomwe akuchita. Makinawo anachita kumufunsa ngati akutsimikiza, iye n'kuvomera. Loweruka limodzi lija linasanduka mwezi, akumanga ndi kugumula mmene akufunira.

Pobweza anati, "Ili chabe bwino mulamu, sininagwile chilichonse." Lyness anaibwezera pashelefu, mtima n'kukhala pansi.

Mvula zoyamba zitagwa, mphenzi inaomba nthambo ya foni, rauta yoyamba n'kupsa. Inali nthawi yeniyeni yogawa feteleza. Malole anali pamzere mpaka kumsewu, ndipo palibe thumba likanatuluka popanda Lusaka kuvomera pakompyuta. Bwana watsopano analamula kuti abweretse yapadera ija. Anailumikiza, timagetsi tinayaka, koma Lusaka zii. M'kati munalibe kanthu.

"Ndani anagwira chinthu ichi?" anakuwa bwana.

Mlonda uja pakamwa panatseguka tsiku limenelo, n'kuulula za chikwama chija. Lyness ataitanidwa sanabise, anafotokoza zonse. Ndiye bwana anaitanitsa Jabez.

"Bwana, ine ichi chintu nachiona lelo," anatero Jabez, maso ali gwa. "Ma key ya ku stores sinisunga ine." Kenako anatembenukira kwa mayi amene anamulera uja. "Mulamu, kambani chabe zoona. Munachipeleka kuti?"

Lyness anayang'ana Kangwa. Kangwa anawerama. Nayenso anali ndi ana.

Koma chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Lyness ali chiimire pomwepo, misozi ili chuchuchu, Jabez anati, "Bwana, nipaseniko chance niyese." Anaimba foni ku Lusaka, anafunsa manambala, n'kuyamba kulemba. Akanalephera bwanji, poti makina omwewo anali atagona nawo mwezi wathunthu? Pofika masana malole anayamba kutuluka, bwana akumugwira chanza ndi manja awiri.

Lyness anachotsedwa tsiku lomwelo, pa mlandu wotulutsa katundu wa kampani mwakuba. Anzake amene anachotsedwa pambuyo pake pochepetsa antchito analandirako kolowera kunyumba, iye anatuluka chimanjamanja. Bwana anamukweza Jabez kukhala woyang'anira makompyuta, iye n'kusamukira ku Highridge, dera la anthu ochita bwino. Mwana woyamba wa Lyness anasiya sukulu chaka chomwecho, n'kumakathandiza mayi ake kugulitsa makala.

Lyness anakadandaula kwa akulu a mpingo. Anawakhazika pansi onse awiri, Jabez atabwera pagalimoto ya kampani. Mkulu wina anamufunsa ngati ali ndi mawu kwa mlamu wake. Jabez anakonza tayi, n'kuusa moyo.

"Ine nilibe nabo chifukwa," anatero. "Boza yamene bananinamizila ija, ninabakhululukila kudala."

Phunziro: Katundu wa kuntchito si wako woti uzichitira chifundo abale. Ukamutulutsa ndi manja ako, tsiku la mlandu manja omwewo ndi amene adzaonekere, wokupempha uja adzayang'ana kumbali ngati sakukudziwa. Wofuna kuphunzira makina agule ake akale aziwononga yekha. Ndipo inu a Jabez nonse amene munakwera poponda pamutu pa wokulerani, manyazi akugwireni. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amasunga makiyi a kuntchito, asanamve mawu akuti "pa weekend chabe."