Abambo Awiri a ba Moven

"Mchotse ntchito mlonda uyu," mzungu mwini fakitale anauza Nsama, woyang'anira antchito. "Chaka chatha anakaika bambo ake ku Katete, lero akuti amwaliranso. Munthu amakhala ndi abambo angati?"

Mlondayo, ba Moven a ku Chawama, anaima pakhomo, mutu wometa wa pamaliro, chipewa m'manja.

"Ni atate ang'ono, mayi. Ndiwo ananilera."

Mtima wa Nsama unawira. Zaka zonse zija ku yunivesite akuphunzira kuyang'anira antchito, palibe buku limene linkadziwa bambo wamng'ono. Ufulu unabwera, koma malamulo a maliro anali akadali a kwawo kwa bwana. Nsama nayenso analeredwa ndi bambo wamng'ono ku Matero.

"Ba Moven, bwererani pa geti," anatero Nsama. "Bwana, ngati abambo awiri ni mlandu, muyambe na ine."