Tiyi wa Kapaso

Keziah anaika kapu patebulo mwamphamvu, tiyi mpaka kutayikira. A Mumba sanaone, poti maso awo anali atayamba kuchita chifunga. Anangopapasa supuni, kwinaku akuthokoza ngati ali m'tchalitchi.

"Muwaonjezele shuga," anatero mwamuna wa Keziah, Eustace Daka, ali kuseri kwa kauntala. "Na kondensi yomwe."

Keziah anaonjezera, mtima ukuwira.

M'mawa uliwonse unkayamba chonchi pagolosale ya ku Nyimba. Eustace atabwera kunkhondo ya ku Burma anayamba ndi katebulo ka mchere ndi sopo m'mbali mwa msewu waukulu. Tsopano anali ndi shopu ina ku Petauke, ina ku Nyampande, ndi lole yakeyake, chinthu chimene m'zaka za Chitaganya anthu ankachita kuloza ndi chala. Pa malonda anali mkango. Koma pamaso pa nkhalamba imodzi yokha ankafewa ngati phala la mwana.

Nkhalambayo inali Abednego Mumba, kapaso wakale, kapena kuti msilikali wa mfumu, ku Ndake. Nkhondo itavuta, boma litafuna anyamata, mkuluyu anabisa ana ake m'nkhokwe n'kukagwira Eustace ndi Jethro, mlongo wake wa Keziah, ali kumunda. Kunkhondoko Eustace anapatsidwa ntchito yonyamula machira ndi kutaya mikodzo ya odwala m'chipatala cha asilikali. Jethro anatsirizikira m'chipatala chomwecho, mutu uli pamiyendo ya mnzakeyo.

Ndiye lero wogulitsa ana a eni uja ndi amene ankakhala mwatambe pakhonde, kumwa tiyi waulere ndi mabanzi opaka jamu, pochoka n'kumuikira maswiti m'thumba! Abusa anachita kulalikira za nkhaniyi. Anthu ankati a Daka anabwera kunkhondo ndi mtima wa mngelo. Keziah ankati anabwerako opanda mtima n'komwe, poti munthu wamtima saiwala magazi.

Nayonso nkhalambayo inali yosowetsa mtendere. Ludzu lake silinkatha: tiyi, madzi, tiyi wina, kenako kukwekweretsa mwendo kupita kuseri kwa shopu kukakodzera chipupa ngati galu. Chilonda cha kuphazi chinkakana kupola, fungo lake n'kumabweza ogula pakhomo. Ana ake obisidwa m'nkhokwe aja anali kumigodi, osabwera ngakhale pa Khirisimasi.

Tsiku limenelo Keziah zinamukwana. Anamanga zovala zake m'chitenje kuti abwerere kwawo ku Ndake, kumene dzina la Jethro linkatchulidwabe. Atafunafuna mwamuna wake, anakamupeza kuseri kwa shopu atanjuta, akuyang'anitsitsa m'munsi mwa chipupa chonyowa chija. Anamukhuthulira zonse zakukhosi: kuti ndi wamantha, kuti wagula matamando a abusa ndi mtembo wa mlamu wake, kuti asankhe lero lomwe pakati pa mkazi ndi kapaso.

Eustace sanadzuke. Anangoloza pansi. Pamene nkhalamba inakodza panali patada bii ndi nyerere, zina zikubwerabe pamzere kuchokera muudzu.

"Ku Burma dokotala anationetsa izi," anatero motsitsa mawu. "Nyelele zikalondola mkodzo, ndiye kuti munthu ali na matenda a shuga. Ukamamupatsa zotsekemela, amayamba maso, kenaka mwendo, kenaka yense. Jethro anavutika masabata chabe. Uyu ndifuna avutike zaka."

Keziah anayang'ana nyererezo kwa kanthawi. Kenako anatula katundu wake, nabwerera pakhonde, natola kapu ya a Mumba ndi manja awiri.

"Bambo, ndikuthilileni wina?"