Mawu a Mayi Malita Anatsekeredwa M'nyumba ya Eni

Panali munthu wina ku Chileka, dzina lake Dyson, amene tsiku lina mwana wake Madalo, wa zaka zisanu, anamufunsa kuti, "Ababa, mawu mumalemba pakompyutawo, mukazimitsa amakakhala kuti?"

Dyson anangoseka. "Ndikuuza mawa, mwananga."

Mawalo linatenga zaka zitatu. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi.

Dyson ndi mnzake Tahira, amene makolo ake ali ndi shopu ku Lirangwe, anapanga pulogalamu ya pafoni yothandiza anthu otemera nkhuku m'midzi. Inkawakumbutsa tsiku lodonthezera nkhuku mankhwala a chitopa, khomo ndi khomo. Anaiika poyera pa intaneti kuti aliyense aitenge ulere, aikonze, aiwonjezere. Chinatsala ndi malangizo: kaikidwe kake, kagwiritsidwe kake, ndi nzeru za ntchito yotemerayo.

"Tilembe m'mafayilo wamba, tiwasunge pamodzi ndi pulogalamuyo," anatero Tahira. "Woitenga aliyense azitenganso malangizo. Akakhala kwa anthu makumi awiri, atayika bwanji?"

"Zilembo zokhazokha, ngati chikalata cha kuchipatala? Anthu atiseka."

"Nkhuku sizifuna zokongola, achimwene."

Sabata yomweyo, pamsonkhano wina ku Blantyre, Dyson anakumana ndi bambo wina wotchena, a Mark. Iwo anamuonetsa tsamba la kampani ina yakunja losungirapo malangizo. Zithunzi, mitundu, chilichonse chonyezimira.

"Ndi zaulere, bwana," anatero a Mark. "Musavutike, akaunti ndikutsegulirani pompano pa imelo yanga. Inu muzingolemba basi."

Tahira ataliona tsambalo anafunsa, "Tsiku tidzafune kutulutsa zathu, tidzadina pati? Nanga a Mark anuwo kwawo n'kuti?"

"Inu achemwali, mumakayikira ndi madzi akumwa omwe."

"Bola tizikopera, tizisunga kwathu."

"Tidzakopera tikamaliza," anatero Dyson. Koma malangizo samatha, tsiku lililonse pamakhala chowonjezera.

Ku Chigaru kunali Mayi Malita, amene anatemera nkhuku zaka makumi awiri. Loweruka lililonse Dyson ankakwera minibasi kupita ku Lirangwe kukakumana nawo. Ankakhala pakhonde la shopu ya makolo a Tahira, mayiwo akuyankhula, iye akulemba patsamba lija. Anafotokoza kanyamulidwe ka mankhwala kukatentha kuti asawonongeke panjira, kazindikiridwe ka nkhuku yodwala kale, ndi mawu onena pakhomo pamene akukana katemera.

"Lembani zonse, bambo a Madalo," ankatero. "Sindikufuna kupita nazo kumanda."

Masamba anakwana mazana awiri. Chaka chachitatu, nthawi ya mvula, Mayi Malita anamwalira. Pamaliro Dyson anaimirira n'kuuza anamfedwa kuti, "Mawu a amayi ndi osungika. Ngakhale zidzukulu zidzawawerenga."

Patapita miyezi iwiri, Tahira anaimba foni. "Achimwene, tsamba lija silikutseguka."

"Ndi netiweki ya kwanuko."

"Ndili mu Blantyre ine."

Dyson anayesa yekha. Panali uthenga wachidule: kampaniyo yasiya kusunga zaulere, eni maakaunti anachenjezedwa katatu ndipo anapatsidwa miyezi itatu yotengera zinthu zawo. Machenjezo onsewo anapita ku imelo ya a Mark.

Dyson anawaimbira masiku anayi. Tsiku lachisanu anayankha.

"Imelo imeneyo ndinaisiya kalekale, bwana. Mwati ndinu ndani?"

Dyson analembera kampaniyo, kupempha, kuchonderera. Yankho linabwera mzere umodzi: zonse zinafufutidwa.

Pulogalamu inalipobe, koma ngati galimoto yopanda woidziwa. Ophunzira awiri amene ankafuna kuthandiza kuikonza anabwerera. "Popanda malangizo sitikudziwa poyambira," anatero. Otemera atsopano ikawavuta analibe pofunsa, ndipo mmodzimmodzi anaichotsa m'mafoni mwawo. Tahira sananene kuti ndinakuuzani. Anangotumiza masamba asanu amene anakopera mobisa pachiyambi pomwe, Mayi Malita asanayambe n'komwe kuyankhula. Dyson anayesa kulemba zimene ankakumbukira, koma ankafika pakati n'kuima, osadziwa ngati mayiwo anatero kapena akupeka yekha.

Kutayamba kutentha, chitopa chinalowa ku Chigaru. Elsie, mwana wa malemu aja, amene anatenga ntchito ya amayi ake, anafika ku Chileka m'mawa, fumbi lili m'miyendo.

"Achimwene, nkhuku zikutha. Anthu akuti mankhwala anga ndi omwe akuzipha, ena andithamangitsa pakhomo. Tandiwerengerani zija ananena amayi. Paja munati n'zosungika."

Dyson anamuuza zoona: mawu onse a amayi ake anafufutidwa.

Elsie sanakalipe. Anamanga chitenje, n'kunena motsitsa, "Ndiye kuti amayi tawaika kawiri." Anatuluka osamwa ndi madzi omwe.

Madalo, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ankamva zonsezi ali pakhomo ndi chikwama chake cha sukulu. Dyson anamuitana, n'kumukhazika pambali pake.

"Unandifunsa kale kuti mawu amakakhala kuti. Ukukumbuka?"

"Eya. Munati mawa."

"Amakakhala m'nyumba ya munthu wina, mwananga. Athu ndinawasiya m'nyumba ya munthu amene sindimudziwa, makiyi ndinapatsa mlendo. Nyumbayo aigwetsa."

Phunziro: Chimene mwalembera anthu onse, musachisunge pamalo amodzi a eni. Malangizo azikhala pamodzi ndi pulogalamu, m'mafayilo amene aliyense angakopere, ndipo akaunti izikhala m'dzina lanu. Musadikire kumaliza, koperani lero. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, mwina mawu a mayi wina apulumuka.