Madzi Afukula Manda a Amuna Anga

Madzi adzulo afukula manda a amuna anga. Ndaima m'matope, ndikuyang'ana bokosi losweka ndi nsapato yawo imodzi.

"Alamu, n'kusintha kwa nyengo uku," akutero a Dyton, ang'ono awo a malemu. "Pa wailesi akuti ndi utsi wa mafakitale akunja. Ife tilibe mlandu."

Ndawalozera zitsa za mitengo yakumanda kuno, yomwe anadula okha n'kuotcha makala.

"Mafakitale anuwo anabwera ndi nkhwangwa ku Kandeu kuno?"

"Nanga ana anga akanadya chiyani, alamu?"

Ndasolola thumba lamakala lopanda kanthu panjinga yawo, n'kuwaponyera pachifuwa.

"Tsikirani m'chigwembemo. Katoleni akulu anu. Musasiye ngakhale chala."