Ngumbi Zinatha pa Nkando

"Anthu a pa Nkando ndinu ena," anatero a Hopewell Namaona, mlangizi wa bungwe lofufuza za tizilombo. "Kwina konse odzipereka anathawa atamva kuti alawansi palibe. Inu mpaka kulimbirana misampha."

Msamphawo unali nyale ya sola yolendewera pamwamba pa chidebe. Ntchito inali kuyatsa madzulo, m'mawa n'kusunga m'mabotolo zonse zogweramo kuti a Namaona adzawerenge.

"Ife sayansi ili m'magazi, bwana," anayankha mayi Marjory, wapampando wa gulu la odziperekawo. "Amuna angawa chikwatiranireni sanalawirepo kumunda, koma mvula ikangogwa, tambala amawapeza ali pamsampha."

A Namaona anakhuthulira mabotolo patebulo. Munatuluka agulugufe, udzudzu ndi zikumbu zingapo. Nkhope yawo inagwa.

"Disembala yense, ngumbi ngakhale imodzi osagweramo? Ku Chinakanaka zikudzaza chidebe. Pano pali vuto lalikulu."

"Kusintha kwa nyengo," anatero a Alufeyo, amuna a Marjory, akupukusa mutu ngati ali pamaliro.

"Ndikauza akuluakulu. Pafunika tiwonjezere misampha kuno kuti timvetse bwino."

"Onjezerani ndithu," anatero mayi Marjory. "Ife tidzipereka."

Mlendo sachoka chimanjamanja, choncho mayiwo anatulutsa mbale ya ngumbi zokazinga, zowaza mchere. A Namaona anatapa, kutafuna, n'kutapanso.

"Koma ndiye zonona. Mwazipeza kuti?"

"Zachokera ku Mozambiki, bwana. Kwathu kuno zinatha."