Chipsera cha Tobiyasi

"Bwezeranipo chipsera cha amuna anga," anatero Agineza, akuponya chithunzi patebulo la Jeff, wojambula zithunzi wa ku Feira.

Tobiyasi, amuna awowo, anaoloka mtsinje kupita ku Zumbo kukagula nsomba ndipo sanabwerenso. Agineza anazungulira doko lonse ndi chithunzicho, koma opalasa mabwato ankangopukusa mitu. Opalasawo ankadziwa Tobiyasi wa chipsera cha ng'ona patsaya, osati munthu wosalala woima m'nkhungu ngati mngelo pachithunzipo.

"Nkhunguyo ndi luso, amayi," anatero Jeff. "Lenzi ya kamera yanga ndi yakale kuposa ine, imafewetsa nkhope."

"Lenzi imachotsanso mano a ng'ona? Ndionetseni chithunzi chenicheni, bambo."

Jeff anazengereza, kenaka anatsegula chithunzi choyambiriracho pa laputopu. Chipsera chinalipo. Panalinso mkazi wina atatsamira paphewa la Tobiyasi, pamalo pomwe Jeff anadzazapo nkhungu.

"Amuna anu anandipempha okha kuti ndichotse zonse ziwiri," anatero motsitsa mawu. "Nditulutse chokhala ndi chipsera chokha?"

Agineza anayang'anitsitsa mkaziyo.

"Musachotse kanthu. Uyu padoko amudziwa."