Njovu za phingo za a Jairos

Panali munthu wina ku Freedom Park, kufupi ndi Rustenburg, amene anagula ziboliboli makumi anayi za phingo pa mtengo wosakwana wa ziboliboli khumi. Inu amene munatsatsako malonda pamsika mwayamba kale kuseka. Nkhaniyi ndi yoona, anaifotokoza ndi amene ankayendetsa galimoto tsikulo.

Dzina lake Jairos, kwawo ku Balaka. Anagwira ntchito ya mumgodi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kontirakiti itatha mu Okutobala anamupatsa R46,000 nthawi imodzi. Munthu amene ankakangana ndi wogulitsa tomato chifukwa cha R2 anayamba kuyenda ngati msewu ndi wa bambo ake.

Mkazi wake Sellina anati, "Bambo a Junior, nyumba yathu kumudzi ikadali yosafolera, ndipo njerwa zija tinamangira dothi. Tumizani ya malata lero, mvula isanayambe."

"Lolemba, mayi. Ndalama nayonso imafuna ipume kaye."

Loweruka Jairos anauza mnzake Geraldo, wa ku Tete, kuti athire mafuta m'kagalimoto kake kakale akaone damu la Hartbeespoort. Anadya nyama yootcha, anajambulitsa. Pobwerera anaima pamene amagulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu, kuti angoona.

Ali chiimire, mayi wina wachizungu ananyamula njovu yakuda bii, n'kuwerenga R3,500 osanenerera n'komwe.

"Aise, waona?" anatero Jairos. "Ife kufera pansi pa nthaka, ndalama zili pamsewu!"

Wogulitsa uja anatembenuka. "Kodi ndinu akwathu? Ine Swaleh, wa ku Mangochi!"

Anagwirana chanza mpaka kalekale. Kenako Swaleh anatsitsa mawu. Anati mapepala ake atha, Lolemba akukwera basi ya kumudzi, ndipo katundu yenseyu alibe womusiyira. Njovu, mvuu, mipando ya mafumu, zonse phingo weniweni. "Mzungu ndikanamuuza R100,000. Koma inu magazi amodzi, R50,000."

Jairos ankadzitama kuti sanagonjepo pa kunenerera. Anaponya mtengo woti amutukwane nawo. "R30,000."

Swaleh anagwira mutu, n'kuyang'ana kumwamba. "Mwandipha, achimwene. Tengani."

Apa mpamene munthu wanzeru amathawa. Wogulitsa akavomera mtengo wako woyamba, dziwa kuti wagulidwa ndiwe.

Geraldo anatulutsa kiyi wa galimoto. "Tiyeni tikande pansi pa phazi la njovuyi, tione m'kati."

Nkhope ya Swaleh inagwa. "Azungu sanakandepo katundu wanga. Lero andikande wakwathu, kuno ku Joni? Basi, zisiyeni."

Jairos anachita manyazi. Kwathu kumuyesa mnzako wakuba pamaso pa anthu n'chinthu chachikulu. Ananyamula njovuyo ndi manja awiri n'kuigwedeza. "Bweza kiyi wako, Geraldo. Phingo amadziwika ndi kulemera. Ine sindinakulire m'tauni."

Anatumiza ndalama pafoni pomwepo. Kagalimoto kanabwerera kakukwekwesa matako pansi.

Sellina anaima pakhomo pa mkukhu, kanyumba ka malata kamene ankachita lendi, manja m'chiuno, akuona njovu zikulowa imodziimodzi. "Malata aja ndi amenewa?"

"Awa ndi malata, simenti ndi mpanda womwe. Mabwana a ku Mooinooi adzachita kulimbirana."

"Nanga ife tigona pati? Pamsana pa mvuu?"

Mukudziwa mmene mkukhu wa malata umatenthera mu Okutobala. Tsiku lachinayi masana, akudya, anamva kuti thwa! Njovu yaikulu inali itang'ambika kuyambira pachitamba mpaka kumchira. M'kati mwake moyera ngati chinangwa. Unali mtengo wa jakaranda, wosemedwa uli wauwisi, wopakidwa polishi wa nsapato. Kulemera kuja anali madzi.

Sabata isanathe, mvuu zinayasamula malo amene mvuu siyasamula. Mpando wa mfumu unathyoka Geraldo atangoukhalira.

Loweruka linalo anathamangira ku damu kuja. Pamalo pa Swaleh panali munthu wina wogulitsa zipewa. Koma mayi wachizungu uja analipo, patebulo lina, akuwerenganso R3,500 pamaso pa anthu ongofika kumene.

"Amayi awo?" anatero wa zipewa. "Ndi antchito. Amalandira R300 patsiku. Ndalamazo zimabwerera kuseri kwa tebulo."

Jairos anafuna kupita kupolisi. Geraldo anangomufunsa kuti, "Mapepala ako ali bwino?" Nkhani ya polisi inathera pomwepo.

Ndalama yotsala ija inapita ku lendi, chakudya ndi kusaka ntchito ina. Mu Disembala mchimwene wake anaimba foni kuchokera ku Balaka: mvula yagwa masiku atatu osakata, khoma la kuchipinda ndi la pabalaza agona pansi. Jairos anakhala pakhomo, njovu zong'ambika zikumuyang'ana.

M'mawa mwake Sellina sanafunse munthu. Anaitana mayi Emília, amene amawotcha mapazi a nkhuku pa siteji ya mateksi ku Boitekong.

"Nkhuni zouma bwino izi, amayi. R250 zonse."

"Iii, mwana wanga, nkhuni zonunkha polishi? Makasitomala anga athawa. Ndiyambe ndazipala kaye. R100."

Anakokanakokana theka la ola, chifukwa awa ndiye anali odziwa msika. Pomaliza amene anagula ziboliboli makumi anayi zija ndi mayi Emília. Analipira R140, ndipo wilibala anakankha ndi Jairos yemwe.

Phunziro: Chichewa chokoma cha munthu wokumana naye pamsewu si lisiti. Kanda katundu usanalipire, manyazi samanga nyumba. Ndalama ikabwera mwadzidzidzi, ipite kaye kumene munapangana ndi akunyumba, damu mukaliona pambuyo. Tumizani nkhaniyi kwa abale onse ali ku Joni, makamaka uja wangolandira kumene ndipo wayamba kuyankha mkazi wake kuti "Lolemba".